Hans Günter Winkler ndi Halla: mbiri imene munthu anagawana ndi hatchi

Ku Germany kuli dzina limene sungapatse hatchi yako ya mpikisano ngakhale utalikonda bwanji. Dzinalo ndi Halla. Bungwe loyang'anira masewera a mahatchi m'dzikomo linalitseka kuti pasadzalembedwenso hatchi ina ndi dzina limeneli, poti mwini wake analipo kale: hatchi yaikazi yofiirira imene inabadwa mu 1945 n'kufa mu 1979. Munthu amene ankaikwera, Hans Günter Winkler, anamwalira mu 2018 ali ndi zaka 91. Anasiya mamendulo asanu a golide a masewera a Olimpiki, ndipo pa masewera odumphitsa hatchi palibe wina amene wafikapo pamenepo. Koma Mjeremani wachikulire ukamutchulira Winkler, sayambira pa mamendulo asanuwo. Amayambira pa 17 Juni 1956 pa Olimpiki ku Stockholm, tsiku limene Winkler anali atavulala moti sankatha n'komwe kukhala bwino pachishalo.

Kutchuka kwa katswiriyu kwatsamira pa mphindi zochepa zimene thupi lake linamukanika, hatchi n'kugwira ntchito yaikulu. Ena amangomvapo kuti Halla ndi amene anapambana, munthu anangonyamulidwa. Ine ndimaona kuti kumva kotero n'kumuchepetsa Winkler, komanso n'kusamvetsa mmene masewerawa amayendera.

Malamulo ake ndi osavuta. M'bwalo amaikamo zotchinga khumi ndi kanthu. Zina ndi zoimirira, zina zotambalala, zina ziwiri kapena zitatu zondondozana moti hatchi ikangotera iyenera kunyamukanso, ndipo kawirikawiri pamakhalanso dziwe la madzi loti ilumphe. Pa mipikisano ikuluikulu zotchingazi zimafika mamita 1.60 kupita m'mwamba. Mitengo yake amangoisanjika, sakhomerera, kotero chiboda chikaigunda imagwa. Mtengo ukagwa, amakulembera mapointi anayi a chilango. Hatchi ikakana kudumpha ndi chilangonso, ndipo ikapitiriza kukana mumatulutsidwa. Kupyola nthawi yoikika nakonso kuli ndi chilango chake. Wopambana ndi amene wamaliza ndi mapointi ochepa.

Mpikisano usanayambe, wokwera amaloledwa kuyendera bwalo wapansi, akuwerenga mapazi kuchoka pa chotchinga china kufika pa chinzake. Hatchi siloledwa. Iyo imaziona zotchingazo koyamba ili paliwiro. Ntchito ya munthu ndiyo kuifikitsa pamalo enieni oyenera kunyamukira, osati pafupi kwambiri, osatinso patali. Amachita zimenezi potalikitsa kapena kufupikitsa mapazi a hatchi, ndipo zida zake zazikulu si zingwe za m'manja ayi, koma ntchafu, akatumba ndi mmene waikira kulemera kwa thupi lake pachishalo. Wokwera amene miyendo yake siikugwira ntchito wataya pafupifupi chilankhulo chonse chimene amamvana nacho ndi hatchi. Zimenezi ndi zimene zinamuchitikira Winkler ku Stockholm.

Anabadwa pa 24 Julayi 1926 ku Barmen, dera limene lero lili mumzinda wa Wuppertal. Bambo ake anali mphunzitsi wa kukwera hatchi, ndiye mwanayu anakulira m'makola. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inamupeza ali mnyamata. Anamutenga kukathandiza pa mizinga yowombera ndege, anagwidwapo ukaidi, ndipo bambo ake anafera kunkhondo komweko. Nkhondo itatha mu 1945, iye analibe chuma china koma luso la mahatchi. Anapeza ntchito m'khola la banja lachifumu la Hesse ku Kronberg, kufupi ndi Frankfurt, kumene akuluakulu a asilikali a ku America ankabwera kudzakwera hatchi. Mmodzi mwa iwo anali Dwight Eisenhower, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa United States.

Ntchito imeneyi inamupatsa chakudya pa nthawi imene Ajeremani ambiri ankagona ndi njala, koma inadzamutsekeranso khomo. Masiku amenewo Olimpiki inkalola anthu okhawo amene salandira malipiro pa masewera awo. Popeza Winkler anaphunzitsapo anthu kukwera hatchi n'kumalipidwa, anamuika m'gulu la odyera m'masewera, ndipo ku Helsinki mu 1952 sanaloledwe kupita. Lamulo limeneli linali lokondera. Mwana wa mpondamatiki kapena mkulu wa asilikali, amene hatchi zake ankazidyetsa ndi ndalama za bambo ake kapena za boma, ankaonedwa woyera. Mwana wamasiye amene anagwira ntchito m'khola kuti adye ankaonedwa wodetsedwa. Pambuyo pake anamukhululukira n'kumubwezera m'gulu la ololedwa, koma Olimpiki imodzi inali itamudutsa.

Pa nthawiyo n'kuti atasamukira kale ku Warendorf, tauni ya m'chigawo cha Westphalia, kumene anapita mu 1950. Anamuitana ndi Gustav Rau, mkulu amene ankamanganso masewera a mahatchi a Germany pa mabwinja a nkhondo. Warendorf ili ndi malo a boma oberekera mahatchi kuyambira mu 1826, ndipo mpaka lero likulu la bungwe la masewerawa komanso malo ophunzitsira timu ya Olimpiki zili komweko. Winkler sanachokenso. Anakhala m'tauniyi mpaka imfa yake.

Winkler anam'peza Halla komweko, ndipo hatchiyo sinali mphatso yosiririka. Mwini wake anali mlimi wa ku Darmstadt, Gustav Vierling. Mayi wa Halla, Helene, anali hatchi ya ku France imene inabwera ndi nkhondo, yopanda zikalata zosonyeza makolo ake. Bambo wake, Oberst, anali wa mtundu wothamanga ukukoka kangolo. M'dziko limene anthu amasunga mabuku a mibadwo ya mahatchi mosamala, Halla anali wamba. Anamuyesa pa mipikisano yothamanga modumpha mipanda. Anamuyesanso pa mpikisano wa masiku atatu wophatikiza kuyenda mwadongosolo, kuthamanga m'tchire ndi kudumpha. Okwera angapo anamulephera. Anali wamantha, wosachedwa kupsa mtima, wosafuna kukakamizidwa. Mu 1951 anamupereka kwa Winkler, ndipo Winkler mwiniwake ankanena pambuyo pake kuti mwa Halla munasakanikirana nzeru zodabwitsa ndi misala ya mbuzi.

Zaka zisanu za pakati pa 1951 ndi 1956 sizikambidwa kawirikawiri, chifukwa mulibe chochititsa chidwi chojambulika. Ndi zaka za m'mawa uliwonse m'khola, munthu akuphunzira kuti hatchi iyi ukaikoka zingwe imalusa, ukaipatsa mpata imaganiza yokha. Winkler sanathyole khalidwe la Halla. Anasintha kakweredwe kake kuti kagwirizane ndi hatchiyo, n'kuizoloweza kuona chotchinga, kuyesa mtunda ndi kudzikonza yokha zinthu zikapotoka. Mphunzitsi wina akanapanga hatchi yodikira lamulo pa phazi lililonse. Hatchi yotero, tsiku limene wokwera wake wasowa mphamvu, imaima kapena kugumula zotchinga.

Zipatso zinayamba kuoneka msanga. Mu 1954 Winkler anakhala katswiri wa dziko lonse ku Madrid, ndipo mu 1955 anateteza ukatswiriwo ku Aachen. Chaka chomwecho iye ndi Halla anapambananso mpikisano wotchuka wa ku Hamburg, umene hatchi imatsika chimtumbira chotsetsereka isanadumphe. Pa mipikisano ya dziko lonse ya nthawi imeneyo panali lamulo limene limayankha onse oti Winkler anangodyera Halla. M'ndime yomaliza munkalowa okwera anayi, ndipo ankasinthana mahatchi: aliyense ankakwera yake, kenako zitatu za anzake, atangopatsidwa mphindi zochepa zoti aizolowere. Munthu wodalira hatchi imodzi sakanadutsa pamenepo kawiri motsatizana. Mu 1957 anatenganso ukatswiri wa ku Ulaya ku Rotterdam, ulendo uno ali pa hatchi ina, Sonnenglanz.

Olimpiki ya 1956 inali ya mzinda wa Melbourne, koma dziko la Australia linali ndi malamulo okhwima oteteza ziweto zake ku matenda, ndipo hatchi zochokera kunja zikanayenera kubindikiritsidwa miyezi yambiri. Choncho masewera a mahatchi okha anawasamutsira ku Stockholm ku Sweden, n'kuwachita mu Juni, pamene ena onse anadikira mpaka Novembala. Kudumpha kunali tsiku lomaliza, m'bwalo lakale lija la Olimpiki ya 1912. Mpikisano unali wa zigawo ziwiri pa zotchinga 14 zomwezo, china m'mawa china masana, ndipo mapointi omwewo ankawerengedwa pa mendulo ya munthu payekha ndi ya timu. Timu iliyonse inali ndi anthu atatu ndipo onse atatu ankawerengedwa. Mmodzi akalephera kumaliza, timu yonse yagwa. Anzake a Winkler anali Fritz Thiedemann pa hatchi yotchedwa Meteor ndi Alfons Lütke-Westhues pa Ala.

M'chigawo cha m'mawa zonse zinkayenda bwino mpaka pa chotchinga cha 13. Halla anadumpha mwamphamvu, Winkler anaponyedwa m'mwamba, ndipo pofinya ntchafu kuti asagwe mnofu wa m'mphechepeche unang'ambika. Chotchinga chomaliza chinagwa. Anatuluka ndi mapointi anayi, akadali patsogolo pa onse, koma sankatha kuyenda. Pakati pa zigawo ziwirizo panali maola ochepa, ndipo funso linali limodzi: akwera kapena sakwera? Akanasiya, akanataya mendulo yake, akanatayitsanso ya anzake awiri amene sanalakwe kanthu. Anamupatsa mankhwala oletsa ululu, amphamvu moti mutu unayamba kuzungulira, maso osaona bwino. Kenako anamumwetsa khofi wowawa kuti atsitsimuke. Pachishalo anachita kumukweza.

Zimene zinachitika m'bwalomo zinajambulidwa ndipo anthu amazionerabe. Winkler akuoneka akugwedezeka pamsana pa hatchi, ndipo pa kudumpha kulikonse ankafuula ndi ululu. Zimene anakwanitsa n'kulozera Halla njira, kuti chotsatira ndi ichi, khotera uku. Kuyesa mtunda, kusankha ponyamukira, kukweza miyendo pamwamba pa mitengo munthu akulemera molakwika kumsana, zonsezo Halla anachita yekha. Ng'ombe za pangolo zimatha kufika pakhomo mwini wake ali mtulo chifukwa njirayo zayendamo chaka chonse, koma Halla njira imeneyi anali atadutsamo kamodzi kokha, m'mawa wa tsiku lomwelo. Anamaliza osagwetsa mtengo ndi umodzi womwe.

Winkler anatenga golide ndi mapointi anayi aja. Wachiwiri anali Raimondo D'Inzeo wa ku Italy ndi mapointi 8, wachitatu mkulu wake Piero D'Inzeo ndi 11. Timu ya Germany inamaliza ndi 40, Italy 66, Britain 69. M'timu ya Britain munali mkazi, Pat Smythe, ndipo kameneka kanali koyamba kuti akazi aloledwe kudumphitsa hatchi pa Olimpiki, chinthu chimene phokoso la Halla linachiphimba. Ku Germany anthu ambiri anamva nkhaniyi pa wailesi, ndipo dzina loti hatchi yodabwitsa linam'kakamira Halla kuyambira tsiku limenelo.

N'chifukwa chiyani dziko lonse linagwidwa mtima chonchi ndi masewera amene ambiri sankawatsatira? Tiyenera kuona chaka. Nkhondo inali itatha zaka 11 zokha m'mbuyomo. Ku Olimpiki ya London mu 1948 Germany sinaitanidwe. Mizinda inali ikumangidwabe, dziko linali logawika pawiri, ndipo akaidi omaliza a nkhondo anali atangobwera kumene kuchokera ku Soviet Union, nduna yaikulu Konrad Adenauer itapita ku Moscow mu 1955. Pa 4 Julayi 1954 timu ya mpira ya West Germany inali itagonjetsa Hungary 3-2 ku Bern n'kutenga chikho cha dziko lonse, ndipo anthu anali ndi ludzu la nkhani ina yotero. Ya Winkler inawakwanira ndendende: munthu wovulala amene sanasiye chifukwa cha anzake, ndi hatchi yopanda mbiri ya makolo, yobadwa chaka chimene nkhondo inatha, imene ambiri anaitaya. M'nyumba zambiri munali bambo wolumala kapena mayi wamasiye amene anadziona m'nkhaniyi.

Ndiyenera kunenanso mbali yosakoma. M'zaka zimenezo Ajeremani ambiri sankafuna kukamba za zoopsa zimene dziko lawo linachitira Ayuda ndi mitundu ina. Nkhani ya kupirira ululu inali yophweka kuikumbatira chifukwa inawalola kudziona ngati ozunzika amene adzuka, popanda kufunsa za amene anazunzidwa ndi dzanja la Germany. Winkler sindikumuikira mlandu pa zimenezi. Iye anangokwera hatchi. Koma kukula kwa mbiri yake sikungamveke bwino popanda njala imeneyi ya nkhani yoyera.

Panalinso china. Hatchi inali idakali chiweto cha pamunda, ndipo mathirakitala anali akungoyamba kuilanda ntchito. Anthu amene ankachemerera Halla ambiri a iwo anagwirapo zingwe za hatchi kumunda kwa makolo awo. Meteor wa Thiedemann, chihatchi chonenepa cha mtundu wa Holstein, ankakoka ngolo ya mkaka asanayambe mipikisano, ndipo lero ali ndi chipilala chake ku Kiel. Pamene minda inasiya kufuna hatchi, oweta a ku Hanover, Holstein, Oldenburg ndi Westphalia anatembenukira ku hatchi zamasewera, ndipo kutchuka kwa anthu ngati Winkler ndi Thiedemann kunathandiza kuti msika umenewo ukhalepo. Mitundu imeneyi lero imagulidwa padziko lonse. Atolankhani a masewera anasankha Winkler kukhala katswiri wa chaka wa dzikolo mu 1955 ndi mu 1956, pamwamba pa osewera mpira ndi othamanga.

Halla anapitanso ku Olimpiki kamodzi, ku Rome mu 1960. Payekha Winkler anathera pa nambala 5, koma timu, imene tsopano munali Thiedemann ndi mnyamata Alwin Schockemöhle, inatenganso golide. Imeneyi inali golide yachitatu ya Halla. Chaka chomwecho anamupumitsa, atapambana mipikisano 125 ndi Winkler. Anabwerera kwa Vierling ku Darmstadt, anabereka ana 8, ndipo anafa mu Meyi 1979 ali ndi zaka 34, zimene kwa hatchi ndi ukalamba weniweni. Chipilala chake chili ku Warendorf.

Apa m'pamene pamayambira gawo lalitali la moyo wa Winkler, limene nthano ija imalidumpha. Halla atapuma, iye anali ndi zaka 34, ndipo anapitiriza kupikisana kwa zaka zina 26. Ku Tokyo mu 1964 timu inatenga golide, iye ali pa Fidelitas. Ku Mexico City mu 1968 inatenga mendulo ya nambala yachitatu, iye ali pa Enigk. Ku Munich mu 1972 golide inabweranso, ndipo ku Montreal mu 1976 siliva, maulendo onse awiri ali pa Torphy. Ku London anapambana chikho cha King George V kawiri, mu 1965 ndi 1968. Tikawerenga, ndi ma Olimpiki 6 otsatizana, uliwonse akubwerako ndi mendulo, onse pamodzi 7, pa mahatchi anayi osiyana. Mwa magolide ake asanu, awiri anawapeza Halla ali kale kumudzi.

Golide ya ku Munich ndi imene inamuvuta kwambiri, ndipo vuto silinali m'bwalo mokha. Anali ndi zaka 46. Germany inali itadzaza ndi okwera achinyamata aluso, ndipo ena mwa iwo anadandaula poyera kuti mdalayu akuikidwa m'timu chifukwa cha dzina. Alwin Schockemöhle sanapeze malo. Winkler sanali munthu wonyengerera anzake. Ankadziwika ngati wamwambo, wovala mwaudongo, wofuna zinthu zichitike mmene iye akufunira, ndipo khalidwe lotero limabala ulemu wambiri kuposa chikondi. Analowa m'bwalo la kwawo akudziwa kuti timu ikalephera chala chiloza iye. Pamodzi ndi Fritz Ligges, Gerd Wiltfang ndi Hartwig Steenken anamaliza ndi mapointi 32, United States 32.25. Kusiyana kwake kunali kota ya pointi imodzi, imene pa malamulo a nthawiyo inali chilango cha kuchedwa sekondi imodzi.

Ku Montreal anamupatsa ulemu wonyamula mbendera ya West Germany pa mwambo wotsegulira, ndipo anakwanitsa zaka 50 masewerawo ali mkati. Schockemöhle uja, amene anatsala mu 1972, ndi amene anatenga golide ya munthu payekha chaka chimenecho pa hatchi yotchedwa Warwick Rex, ndipo awiriwa anakwera m'timu imodzi limodzi ndi mng'ono wake wa Alwin, Paul Schockemöhle, ndi Sönke Sönksen. Winkler anatsanzika mipikisano mu Julayi 1986 ku Aachen, kutangotsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 60.

Aachen ndi malo amene masewerawa amawaona ngati kwawo. Mpikisano wake wa chaka ndi chaka, wotchedwa CHIO, umachitikira m'bwalo la udzu lolowa anthu pafupifupi 40,000, ndipo Winkler anapambana mpikisano waukulu wa kumeneko mu 1954 ndi 1957. Atasiya kukwera sanachoke m'masewerawa. Anali mmodzi mwa otsogolera timu imene inatenga golide ku Seoul mu 1988, mmene munali mnyamata wa zaka 25 dzina lake Ludger Beerbaum. Anatsegula kampani yokonza mipikisano ndi kusaka othandiza ndi ndalama, ndipo anaika mtima kwambiri pa ana ongoyamba kumene. Mpikisano wina wa achinyamata m'dzikomo umadziwika ndi zilembo zoyamba za dzina lake, HGW. Mu 2000 anakhala munthu woyamba kulandira Goldene Sportpyramide, mphoto yolemekeza ntchito ya moyo wonse pa masewera. Mahatchi omwewo anamulandanso: mkazi wake Debby, wa ku America, amenenso anali wokwera, anamwalira mu 2011 atagwa pa hatchi. Mu 2016 anthu a ku Aachen anamuchitira mwambo wa zaka 90 m'bwalo lija, ndipo atamwalira pa 9 Julayi 2018 anamulirira komweko.

Masewera amene anawasiya si amene anawapeza. Ndalama zachuluka, hatchi imodzi yabwino imagulidwa mamiliyoni a mayuro, ndipo funso la mmene hatchi zimasamalidwira lakula kuposa kale. Mu 1990 zithunzi za kanema zochokera kukhola kwa Paul Schockemöhle zinaonetsa hatchi zikumenyedwa miyendo ndi mtengo pamene zikudumpha, n'cholinga choti zizikweza miyendo kwambiri poopa ululu, ndipo dziko linakwiya. Ku Athens mu 2004 timu ya Germany inatenga golide, koma m'thupi mwa Goldfever, hatchi ya Beerbaum, anapezamo mankhwala otchedwa betamethasone. Beerbaum anafotokoza kuti anali mafuta opaka pachilonda cha pakhungu, koma lamulo silinalole. Mapointi ake anachotsedwa, timu inatsikira pa nambala yachitatu, golide inapita ku United States. Mu 2008, pamene masewera a mahatchi a Olimpiki ya Beijing anachitikira ku Hong Kong, pa zifukwa za matenda a ziweto zofanana ndi za 1956, hatchi ya Christian Ahlmann, Cöster, inapezeka ndi capsaicin, chinthu chimene chimapangitsa tsabola kuwawa.

Sindikunena kuti m'zaka za m'ma 1950 hatchi zinkasamalidwa bwino kuposa lero. Kuyeza mankhwala kunalibe mphamvu zimene kuli nazo tsopano, ndipo makamera sankafika kuseri kwa makola. Ngakhale zimene Winkler anachita ku Stockholm zili ndi mbali yofunsika: munthu wazunguzika ndi mankhwala, pamsana pa nyama yolemera makilogalamu pafupifupi 500 imene ikudumpha mitengo, akanatha kudzipha kapena kuthyola hatchiyo mwendo. Koma pali chifukwa chimene Ajeremani amabwererabe kwa Halla nthawi iliyonse pakabuka nkhani ya nkhanza m'makola. Hatchi yophunzitsidwa ndi mantha imadumpha chifukwa pali woikakamiza. Masana aja woikakamiza Halla panalibe. Akanatha kuima pa chotchinga choyamba, kapena kuzemba cham'mbali, ndipo Winkler analibe mwendo womuletsera. Anapitiriza, ndipo zimenezo ndi umboni wa mmene anaphunzitsidwira kwa zaka zisanu, umboni umene wokwera sangaupeke. Pa chifukwa chimenechi ndimati golide ija ndi ya Winkler mokwanira, monga ilinso ya Halla.

Nkhani ya ku Athens ija inakhudzanso mbiri ya Winkler mwa njira imene ambiri saiganizira. Beerbaum anali ndi magolide anayi: a timu mu 1988, 1996 ndi 2000, ndi yake payekha ku Barcelona mu 1992 pa Classic Touch. Ya mu 2004 ikanakhala yachisanu, n'kufanana ndi mkulu amene anamutsogolera ku Seoul. Itachotsedwa, Winkler anatsala yekha pamwamba. Pa masewera ena a mahatchi, oyendetsa hatchi mwadongosolo ngati kuvina, Ajeremani anzake Reiner Klimke ndi Isabell Werth anamupitirira, Klimke ndi magolide 6, Werth ndi 8. Pa kudumpha sanapitiriridwe. Golide ya munthu payekha Germany yaitenganso kangapo Winkler atatenga yake: Schockemöhle mu 1976, Beerbaum mu 1992, Ulrich Kirchhoff ku Atlanta mu 1996, ndipo ku Paris mu 2024 Christian Kukuk pa hatchi yotuwa yotchedwa Checker. Kukuk anaphunzira ntchito m'khola la Beerbaum ku Riesenbeck, ndipo anabadwira ku Warendorf mu 1990.